Zithunzi zinali zawo, koma pakhomo anawakaniza: nkhani ya mayi Clementine Hunter

Ndikudziwa kuti Loweruka ngati lino ena mwasiya zovala zitanyikidwa m'beseni, ndipo maganizo ali komweko. Musadandaule. Mayi amene ndikufuna tikambe za iwo lero, zochapa ankazidziwa kuposa tonsefe muno, moti anazijambula kambirimbiri ndi penti, ndipo lero zithunzizo zili m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera luso ku America. Dzina lawo ndi Clementine Hunter.

M'chaka cha 1955, koleji ya boma yotchedwa Northwestern State College, mumzinda wa Natchitoches m'chigawo cha Louisiana, inakonza chionetsero cha zithunzi za mayiwa. Zithunzi anazipachika bwinobwino, anthu anabwera atatchena kudzaona. Koma mwini wake sanaloledwe kulowa. Nthawi imeneyo kummwera kwa America kunali malamulo a tsankho, aja ankawatchula kuti Jim Crow, olekanitsa azungu ndi anthu akuda pasukulu, m'basi, m'malo odyera, ngakhale pampopi womwera madzi. Mayi Clementine anali munthu wakuda, ndiye kuima m'holo imodzi ndi azungu amene ankasirira ntchito ya manja awo kunali koletsedwa. Kuti aone zithunzi zawo zili pakhoma, munthu wina wa pakolejipo anachita kuwalowetsa mwakachetechete pa nthawi imene holo inali yotseka, mulibe aliyense. Anali ndi zaka 68. Tangoganizani, agogo anu akuyenda monyang'ama m'holo yopanda anthu, kuona zinthu zoti anapanga okha usiku ndi nyali ya parafini.

Ndibwerere kumbuyo kaye kuti muwadziwe. Anabadwa kumapeto kwa 1886 kapena kumayambiriro kwa 1887, pa esiteti ya thonje yotchedwa Hidden Hill, pafupi ndi Cloutierville ku Louisiana komweko. Ukapolo ku America unathetsedwa mu 1865, ndiye kuti iwo anabadwa patangotha zaka makumi awiri ndi pang'ono. Agogo awo anali akapolo. Makolo awo anali mfulu pa pepala, koma ntchito inali yomwe ija, minda yomwe ija, eni minda omwe aja. Dzina lawo lobadwa nalo linali Clémence, ndipo kunyumba kwawo ankayankhula Chikiliyo, chinenero chochokera ku Chifalansa chimene anthu a dera limenelo ankayankhula. Chingerezi anachidziwa bwino atakula kale. Kusukulu anapitako masiku ochepa chabe, mwina khumi, n'kusiya. Mpaka kumwalira kwawo sanadziwe kuwerenga kapena kulemba.

Ali ndi zaka pafupifupi 15, banja lawo linasamukira ku esiteti ina yotchedwa Melrose, m'mbali mwa mtsinje wa Cane River, ndipo kumeneko ndi kumene anakhala pafupifupi moyo wawo wonse. Ankatola thonje, ndipo nyengo yake ikafika ankatola mtedza wa m'mitengo wotchedwa pecan. Amene munakulira ku Balaka kapena ku Chikwawa mukudziwa chimene thonje limachita ndi zala komanso msana, sindichita kukufotokozerani. Iwo eni ankasimba kuti tsiku lina m'mawa anatola thonje lolemera mapaundi 78, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 35, kenako anapita kunyumba, n'kuitanitsa mzamba, n'kubereka mwana tsiku lomwelo. Patangopita masiku ochepa anali atabwerera kumunda. Anthu ambiri akamalemba za iwo, nkhani imeneyi amaitchula ngati yowatamanda, kuti taonani mphamvu za mayiyu. Ine imandipweteka. Munthu satola thonje tsiku lochira chifukwa chofuna kutchuka. Amatola chifukwa malipiro amatengera sikelo, ndipo ukapanda kupita palibe cholowa.

Anabereka ana asanu ndi awiri. Awiri oyamba anabereka ndi Charles Dupree, amene anamwalira mu 1914. Mu 1924 anakwatiwa ndi Emmanuel Hunter, amene ankagwira ntchito yodula nkhuni pa esitetipo, ndipo mwa ana asanu amene anabereka naye, awiri anabadwa akufa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anachotsedwa kumunda n'kuyamba ntchito m'nyumba ya bwana: kuphika, kuchapa, kusita. Apa ndi pamene nkhani ikukhotera. Mwini Melrose nthawi imeneyo anali mayi wachizungu, Cammie Henry, amene ankakonda mabuku ndi zaluso. Iye ankaitana alembi ndi akatswiri ojambula kuti adzakhale pa esitetipo kwaulere, kudya ndi kugona, bola azigwira ntchito yawo yolemba kapena yojambula. Ndi chinthu chabwino, sindikutsutsa. Koma funsani kuti nthawi yokhala pansi n'kumaganiza za luso imeneyo ankaipeza bwanji. Ankaipeza chifukwa panali wina amene ankawaphikira, kuwachapira malaya ndi kuwayalira bedi. Wina ameneyo anali mayi Clementine ndi anzawo. Zaka zonsezo ankalowa m'zipinda za alendowo ndi tsache, akuona mmene amasakanizira penti, akutola timachubu totha tomwe ataya. Ndipo manja awo sanali achilendo ku zokongola ayi. Ankasoka zofunda za tizigamba zokhala ndi zithunzi, ankasoka zidole, ankakongoletsa makeke. Kungoti zimenezo palibe ankazitcha luso. Zinali ntchito za amayi basi.

Cha m'ma 1939, katswiri wina wojambula wochokera ku New Orleans, Alberta Kinsey, anasiya penti ndi maburashi otsala pa Melrose. Mayi Clementine anatola. Panali bambo wina amene anali atangofika kumene pa esitetipo, François Mignon, ndipo nkhani imene iye ankakonda kufotokoza ndi yoti mayiwa anabwera kwa iye madzulo ndi timachubu tija n'kumuuza kuti nawonso akhoza kupanga chithunzi atafuna. Iye anawapatsa chinsalu chakale chotchingira dzuwa pazenera, ndipo m'mawa kutacha anabwera nacho chili ndi chithunzi cha ubatizo wa mumtsinje. Za bambo ameneyu ndibwereranso, musamuiwale. Chomwe ndikufuna mugwire pano ndi msinkhu. Anali atapitirira zaka 50, ali kale ndi zidzukulu.

Kuyambira pamenepo sanasiyenso. Masana ntchito ya kwa bwana, usiku kujambula. Mwamuna wawo Emmanuel anadwala nthawi yaitali, ali chigonere, mpaka anamwalira mu 1944, ndipo zaka zimenezo iwo ndi amene ankadyetsa banja, kudwazika matenda, n'kumajambulabe pakati pa usiku. Ankajambula pa chilichonse chimene chapezeka: makatoni, timatabwa, mabotolo, zikho, miphika yachitsulo, ngakhale zitsulo zositira. Kujambulako sankakutchula ndi mawu apamwamba a akatswiri. Ankangoti akuika zizindikiro, mawu awo pa Chingerezi anali oti mark. Akuti pofika kumwalira kwawo anali atajambula zithunzi zosachepera 5,000, ena amati mpaka 10,000.

Tsopano tiyeni tione zimene ankajambula. Ichi chili pakhomachi ndi chimodzi mwa zithunzi zawo za tsiku lochapa. Taonani mphika wakuda waukuluwo uli pamoto, wowiritsiramo zovala. Mayi wina akutakasa ndi mtengo, wina wawerama pa bafa, ndipo pa chingwe payanikidwa zovala zofiira, zoyera, zobiriwira. Anthu onse ayang'ana cham'mbali. Nkhope zilibe zambiri, kadontho ka diso basi. Pansi ndi mzere umodzi wa dothi, ndipo akafuna kuonetsa zinthu zimene zili patali, sazichepetsa monga amaphunzitsira kusukulu ya zojambula. Amangojambula mzere wina pamwamba, n'kuikapo anthu ena, ngati mashelefu. Zina ndi za kotola thonje, anthu ali pamzere akukoka matumba aatali kumbuyo. Zina ndi za kugwedeza mitengo ya pecan, ukwati, ubatizo anthu atavala zoyera, maliro anthu atanyamula maluwa akulowera kutchalitchi. Zina ndi za Loweruka usiku kumalo omwera mowa, kuvina kuli mkati, panja ena akumenyana, wina wagwa. Sankabisa. Ndipo ankakonda kwambiri maluwa otchedwa zinnia, anawajambula mobwerezabwereza ali m'miphika.

Sankakhala pansi kuyang'ana chinthu n'kumachikopera. Zonse zinkachokera m'mutu, m'zimene anaona ndi kuchita. Ndipo pamene iwo ankajambula, moyo umenewo unali ukutha. Kuyambira m'ma 1940 makina otolera thonje anayamba kulowa m'minda ya kummwera, ndipo mabanja ambirimbiri a anthu akuda ankasamukira kumizinda ya kumpoto ndi kumadzulo. Za moyo wa pa esiteti zinalembedwa zambiri, koma olemba ambiri anali amene ankaonera ali pakhonde la nyumba yaikulu. Apa tili ndi munthu amene anakoka thumba lija yekha.

Akatswiri a zaluso zithunzi zamtundu uwu amazitcha naive art. Mawu akuti naive amanena munthu wosadziwa zambiri, woganiza ngati mwana, wosachenjera. Amagwiritsa ntchito mawuwa pa ojambula amene sanapite kusukulu ya zojambula, ndipo mayi Clementine ankawafanizira kawirikawiri ndi mayi wina wachizungu wa kumpoto, Grandma Moses, amenenso anayamba kujambula za kumudzi atakalamba. Ine mawu amenewa ndili nawo pa mlandu, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Taonani chithunzi cha ukwati ichi. Wamkulu kuposa onse ndani? Mkwatibwi. Mkwati ndi wocheperapo, ndipo m'busa, amene m'tchalitchi ndiye amaima patsogolo, wachepa kuposa onse. Munthu wongoona mothamanga anena kuti aa, agogowa sankadziwa kuyeza misinkhu. Koma akanakhala kuti sankadziwa, bwenzi kulakwitsako kukugwera paliponse, lero mkwati wamkulu, mawa m'busa wamkulu. Sizili choncho. Kwa iwo kukula kwa munthu pachithunzi kunkatengera kufunika kwake m'maso mwawo. Mobwerezabwereza mupeza amayi ali pa ntchito, akuluakulu, pamene abambo ena ali pansi pa mtengo, akuwedza, akutchova juga kapena ali ndi botolo. Eya, sekani, koma ndi mmene anazionera ndipo ndi mmene anaziikira.

Pali chithunzi china chotchuka cha nkhuku yaikulu ngati hatchi ikukoka ngolo. Atafunsidwa kuti nkhukuyo yakuliranji chonchi, yankho lawo linali loti ikanakhala yaing'ono sikanatha kukoka ngoloyo. Ena amaseka yankho limeneli ngati la mwana. Ine ndimamva munthu amene watopa ndi mafunso a alendo ndipo akuwayankha mowaseka iwowo. Komanso Yesu ankamujambula wakuda. Angelo akuda, akuuluka tsitsi litaima chifukwa cha mphepo. Mayi wosaphunzira, wantchito wa m'nyumba ya azungu, m'dera limene sankaloledwa kulowa pakhomo limodzi ndi azunguwo, akujambula Mulungu wofanana naye. Mukufuna kundiuza kuti ameneyo sankadziwa chimene akuchita?

Koma pali mbali ina imene sindifuna kuilumpha, chifukwa inandivuta ineyo pokonzekera. Zithunzi izi ndi zowala. Mitambo yake ndi yofiirira mokongola, zovala zamitundumitundu, thonje lili mbee. Simuona munthu akukwapulidwa, simuona ngongole ya kusitolo ya bwana, simuona chikwangwani choletsa anthu akuda. Ndipo ogula ambiri anali azungu, ena mwa iwo anthu amene ankakonda kukumbukira moyo wa pa esiteti ngati nthawi yabwino yamtendere, pamene aliyense ankadziwa malo ake. Kwa munthu wotero, chithunzi cha anthu akuda akutola thonje pansi pa mitambo yokongola n'chokoma kupachika pabalaza. Sichimufunsa kanthu. Kuonjezera apo, mayi Clementine eni ake ankanena poyera kuti kutola thonje ankakukonda, kuposa ntchito ya m'nyumba.

Poyamba zinandikhumudwitsa. Ndinkafuna mayi wokwiya, woti ndizimuika pa tisheti. Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti vuto ndi langa. Choyamba, awa anali munthu wokhala m'nyumba ya eni esiteti, pa malo a eni esiteti, penti akupatsidwa ndi anzawo a eni esiteti. Zimene munthu wotero anganene mokweza zili ndi malire, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito ya m'nyumba akudziwa zimenezi. Chachiwiri, ndikuganiza kuti zoti ankakonda kumunda ndi zoona ndithu, ndipo sizikutanthauza kuti kumunda kunali kwabwino. Kumunda uli ndi anzako, mukucheza, mukuimba, dzuwa likalowa mwaweruka. M'nyumba uli wekha, diso la madamu lili pamsana pako, ndipo ntchito ilibe nthawi yothera. Awa ndi maganizo anga, osati mawu awo. Chachitatu, munthu amene wavutika ali ndi ufulu wokumbukira kuti pa moyo wake panalinso maluwa, magule ndi maukwati. Ife ophunzirafe tili ndi chizolowezi chofuna kuti osauka azitionetsa mabala okhaokha kuti tiwakhulupirire. Iwo anajambula moyo wawo wonse, ntchito ndi chisangalalo pamodzi, ndipo ntchitoyo ili pamenepo kwa amene akufuna kuiona. Werengani misana yowerama m'zithunzi zimenezi.

Ndinalonjeza kubwerera kwa François Mignon. Bamboyu anakhala pa Melrose zaka zoposa makumi atatu. Tisamunyoze mopitirira: anawalimbikitsa, ankawapezera penti, ankalemba za iwo m'nyuzipepala, ankawapezera ogula. Iye ndi mnzake wina, James Register, ndi amene anachititsa kuti dzina la mayiwa limveke kunja kwa Cane River, mpaka magazini yotchuka ya Look inalemba za iwo mu 1953. Mu 1955, chaka chomwe chija cha chitseko chotseka, nyumba yoonetsera luso ya Delgado ku New Orleans, imene lero imatchedwa New Orleans Museum of Art, inaonetsa zithunzi zawo paokha, koyamba kuchitira zimenezi munthu wakuda. Mu 1956 Mignon ndi mayi Clementine anatulutsa limodzi buku la maphikidwe a pa Melrose. Zonsezi ndi zoona.

Koma Mignon ankauza anthu kuti ndi Mfalansa wobadwira ku Paris. Zinadzadziwika pambuyo pake kuti dzina lake lenileni linali Frank Mineah, wobadwira ku Cortland m'chigawo cha New York. Mbiri yake anachita kupeka. Ndiye taonani mmene zinalili: mayi amene sankatha kulemba, mbiri yawo yambiri inalembedwa ndi bambo amene ngakhale dzina lake linali lopeka. Nkhani ija ya chinsalu cha pazenera, imene imamuika iye pakati ngati amene anatsegula chitseko, imachokera kwa iye. N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira zithunzi kuposa nkhani zozungulira zithunzizo. Ngakhale siginecha, pa zithunzi zina zoyambirira ankawalembera ndi anthu ena. Kenako anayamba kusaina okha ndi zilembo ziwiri, C ndi H, ndipo m'kupita kwa zaka C uja anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, n'kumayandikira H mpaka kulumikizana naye. Lero akatswiri amayang'ana mmene C waimira kuti adziwe zaka zimene chithunzi chinajambulidwa.

Ntchito yawo yaikulu kuposa zonse ili pa Melrose pomwepo. Pali kanyumba kakale kosanja kokhala ndi denga lalikulu lotulukira kunja ngati chipewa, kotchedwa African House. Dzinalo linabwera chifukwa ena ankati kamafanana ndi nyumba za kuno ku Africa. Ndinakaona pa intaneti, ndipo ine kwathu sindinaonepo nyumba yotero, koma tisiye zimenezo. M'chilimwe cha 1955, mayi Clementine anajambula zithunzi zikuluzikulu zisanu ndi zinayi pa matabwa, zozungulira chipinda cham'mwamba cha kanyumbako. Ukaima pakati umazunguliridwa ndi moyo wonse wa ku Cane River: minda, mtsinje, tchalitchi, ubatizo, ukwati, maliro, tsiku lochapa, Loweruka usiku. Zithunzizo zilipobe, ndipo Melrose tsopano ndi malo okaona alendo. Anthu ambiri amene amapitako lero sapitira banja la a Henry kapena alembi aja ankagona kwaulere. Amapitira wophika.

Nanga ndalama? Zithunzi zoyamba ankagulitsa masenti 25 chimodzi. Masenti, osati madola. Zambiri ankangopatsa anthu. Pofika kumapeto kwa moyo wawo, ogulitsa zaluso m'mizinda ankagulitsa zithunzi zomwezo pa madola masauzande, ndipo phindu lalikululo silinkafika ku Cane River. Munthu amene anagula ndi kandalama kochepa m'ma 1950 ndi amene anadzakolola. Iwo sanalemere.

Koma musawaone ngati munthu wongoberedwa ali chete. Alendo atayamba kuchuluka pakhomo pawo, kudzasuzumira ndi kuwajambula ndi makamera, iwo anaika chikwangwani panja: kuona zithunzi n'kolipira, masenti 25, kenako anakweza kufika 50. Ukafuna kujambulitsa nawo, dola imodzi. Chimenechi chimandisangalatsa kwambiri. Anazindikira kuti anthuwa sakubwerera zithunzi zokha, akubwera kudzaona iwo ngati chinthu chodabwitsa, ndiye anati chabwino, lipirani. Pulezidenti Jimmy Carter atawaitana ku White House, sanapite. Akuti anayankha kuti ngati akufuna kuwaona, iye ndi amene abwere. Sankakonda maulendo, ndipo sankaona chifukwa chosiyira nyumba yawo. Ndi ndalama za zithunzi anadzagula kanyumba kawokawo, ka mtundu uja wokokedwa ndi galimoto, n'kuchoka m'nyumba ya pa esiteti ali ndi zaka za m'ma 90. Aka kanali koyamba kukhala pakhomo poti ndi pawo.

Mu 1986, sukulu ija inawatsekera chitseko, imene tsopano inali itakhala Northwestern State University, inawapatsa digiri yaulemu ya udokotala wa zaluso. Panali patapita zaka 31. Ena amaitenga ngati nkhani yokoma yothera bwino. Kaya inu, koma ine ndimangowerenga zakazo. Anapitiriza kujambula mpaka kutatsala pafupifupi mwezi umodzi kuti amwalire, ndipo anamwalira pa 1 Januwale 1988, ali ndi zaka 101. Anaikidwa pa tchalitchi cha Katolika cha St. Augustine, chomwe chija chimaoneka m'zithunzi zawo za maliro.

Nkhani sinathere pamanda, ndipo gawo lotsalali ndi la apolisi. Zithunzi zikayamba kudula, akuba amabwera. Ndipo anthu ankaganiza kuti zithunzi za mayi Clementine n'zosavuta kukopera, si za naive nanga? Bambo wina wa ku Louisiana komweko, William Toye, amene ankadziwa kujambula, anayamba kupanga zithunzi zabodza n'kumasaina C ndi H. Anamangidwapo mu 1974 ku New Orleans, mayiwa akadali moyo, koma mlandu sunapite patali. Taganizani, iwo ali ku Cane River akulandira timadola towerengeka, wina mumzinda akudya ndi dzina lawo. Patapita zaka anayambiranso, mothandizana ndi mkazi wake Beryl ndi wogulitsa zaluso wina, Robert Lucky, ndipo zithunzi zabodza zambiri zinalowa m'nyumba za anthu. Mu 2009 apolisi a FBI anachita chipikisheni kunyumba kwa Toye ku Baton Rouge. Mu 2011 iye anavomera mlandu. Anali wokalamba, sanapite kundende, koma analamulidwa kubweza madola oposa 400,000. Lucky anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 25.

Chimene chinawagwiritsa ndi ichi. Akatswiri atayika zithunzi zabodzazo pa makina okulitsa zinthu, anapeza ubweya wa amphaka utamatirira mu penti. Banja la a Toye linkaweta amphaka ambirimbiri m'nyumba. Ndipo panali zinthu zimene zithunzi zenizeni zinali nazo koma zabodzazo zinalibe. Mayi Clementine ankayamba alemba ndi pensulo asanapake penti, ndipo mizere ya pensuloyo imaoneka pansi pake. Komanso sankaimika chithunzi pa choimikira chija amagwiritsa ntchito akatswiri. Ankachigwira ndi dzanja kapena kuchiika pamiyendo, ndiye m'mphepete ndi kumbuyo kwa zithunzi zawo mumakhala mothimbirira ndi penti wa zala zawo. Toye anakopera mphika wakuda, anakopera chingwe cha zovala, anakopera C wotembenuka uja. Zake zinatuluka zaukhondo kwambiri.

Ndiima pamenepa. Chithunzi cha tsiku lochapa chija ndichisiya pakhomapo pamene tikumwa tiyi, amene muli kumbuyo bwerani pafupi mudzachione bwino. Asisi muli pafupi ndi switchi, tatiyatsireni magetsi, timve mafunso.